Bambo anga sankatha kuyankhula, koma ankayimba

Ndikulembera inu amene muli ndi wodwala sitiroko pakhomo, makamaka ngati matendawo anamulanda mawu. Ine si dokotala, ndipo kuyimba ndimangotsatira anzanga kumbuyo. Ndine mwana wa mmisiri womanga nyumba wa ku Chilomoni, ndipo zochepa zomwe ndikudziwa za mphamvu ya nyimbo ndinazionera pakhonde pathu panthawi yodwazika bambo anga.

Bambo anabadwira ku Chiradzulu. Anabwera mu Blantyre ali mnyamata, dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo moyo wawo wonse unathera pa njerwa, chingwe ndi levulo. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Pakhomo akanena ziganizo zitatu ndiye kuti tsikulo acheza. Koma kutchalitchi ankasanduka munthu wina. Ankayimba besi, besi yeniyeni yoti ukakhala nawo benchi imodzi umaimva m'nthiti.

Anali ndi BP kwa zaka zambiri. M'mawa wina kapu ya tiyi inawapulumuka, pakamwa panakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja linangoti lende. Amayi atawafunsa chomwe chavuta, zomwe zinatuluka m'kamwa sizinamveke. Apa ndinene msanga: mukaona zizindikiro zitatuzi, kukhota kwa kamwa, kufooka kwa mkono ndi mawu osamveka, pezani galimoto nthawi yomweyo. Musadikire kuti mwina zisintha, musayambe mwaitana abale kuti mukambirane za amene wawalodza. Ife tinathamangira nawo ku Gulupu, ndipo moyo wawo unapulumuka.

Mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono chifukwa cha mafizo, koma mawu anakaniratu. Anatsala ndi liwu limodzi lokha, "eya". Akafuna madzi, "eya". Akafuna kuchimbudzi, "eya". Ngakhale pokana ankati "eya", mutu akupukusa. Chopweteka kwambiri chinali choti nzeru zawo zinali zonse. Ankamva chilichonse chomwe tikunena, ankatsatira nkhani pawayilesi, ankayang'ana mpanda womwe aneba ankamanga n'kumagwedeza mutu chifukwa unali wopendama. Koma alendo ankabwera n'kumawakuwira m'khutu, ena n'kumafunsa ine kuti "kodi adya?" eni ake ali pomwepo.

Achimwene anga, pofuna kuwasangalatsa, anagula kasipika ndi memole yodzaza nyimbo zauzimu zamakono, zojambulidwa bwino, kiyibodi ndi ng'oma zonse zili m'malo mwake. Kankalira kuyambira m'mawa. Bambo ankangoyang'ana phiri la Michiru, ndipo pakapita kanthawi ankakweza dzanja lamanzere kuti tizimitse. Tonse pakhomo tinangoti matendawa awalanda ndi chikondi cha nyimbo chomwe. Amayi ankaopa zoposa apo, kuti mwina bambo akwiyira Mulungu.

Masana ena kunabwera amayi a Mvano kudzazonda. Kunena zoona anabwerera mnzawo, amayi anga, amene anali atawonda ndi kudwazika. Anakhala pamkeka, mabulauzi ndi maduku zili mbee khonde lonse, bambo ali pampando wawo chapakona. Atapemphera, gogo wina wosasa mawu anayambitsa nyimbo ya m'buku, imodzi mwa zakale zija zoyenda pang'onopang'ono mpaka achinyamata amayamba kuyasamula. Panalibe choyimbira chilichonse, ngakhale kuwomba m'manja. Nyimbo imeneyi pakolasi pake amayi amakwera n'kuima, kenako abambo amalowa chapansi kuvomera. Tsikulo m'gulumo munalibe abambo. Amayi anakwera, anaima, ndipo panatsala mpata.

Mumpata umenewo munalowa besi.

Sinali yamphamvu monga kale. Inkanjenjemera, ndipo mbali ina ya mlomo inkatsalira. Koma mawu anatuluka athunthu, mzere wonse, liwu lililonse pamalo pake, kuchokera m'kamwa momwe kwa miyezi munkangotuluka "eya". Amayi anga anagwira pakamwa. "Bambo a ana, ndinu?" Gogo woyambitsa uja anawagwira bondo kuti akhale chete, iye osasiya kuyimba. Anabwereza kolasi, n'kuibwerezanso, ndipo nthawi iliyonse bambo ankalowa pamalo pawo, osachedwa, osafulumira. Gogo ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero. Akanakhala wina akanadula nyimbo n'kuyamba nthungululu, ndipo zikanathera pomwepo.

Nyimbo itatha tinawaunjirira. "Bambo, tatchulani dzina langa." Anayesetsa mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma chinatuluka ndi "eya" yemwe uja. Ndikunena izi kuti zikadzakuchitikirani musadzagwe ulesi. Munthu kuyimba mzere wonse sizitanthauza kuti mawa adzuka akucheza.

Mayi amene ankawapangitsa mafizo sanadabwe n'komwe titamuuza. Anatifotokozera kuti mwa anthu ambiri, ntchito yopanga mawu ndi ziganizo imagwiridwa makamaka ndi mbali yakumanzere ya ubongo, yomwenso imayendetsa mbali yakumanja ya thupi. N'chifukwa chake amene wafa dzanja lamanja kawirikawiri ndi yemwenso amataya mawu. Koma nyimbo sikhala malo amodzi. Kukwera ndi kutsika kwake, kagundidwe kake, pamodzi ndi mawu omwe munthu wawayimba kwa zaka zambiri, zimagwira mbali zonse ziwiri, choncho njira ina ikatsekeka ina imatha kutsala. Anatiuzanso za njira yomwe madokotala a ku Boston ku America anayamba kulemba mu 1973: kutenga mawu afupiafupi a tsiku ndi tsiku, kuwayimba modekha pa manoti awiri okha, lokwera ndi lotsika, uku ukugunditsa dzanja lamanzere la wodwalayo pa phatikizo lililonse.

Tinayamba choncho. "Ndi-fu-na ma-dzi." Poyamba ine kuyimba iwo kumvetsera, kenako tonse pamodzi, kenako ine kuyamba "ndifuna" n'kusiyira panjira kuti iwo amalize. Pamenepa ndi povuta kwambiri kwa wodwazika, chifukwa pamafunika kukhala chete. Mtima umafuna kuwamalizira mawu poti ukuwamvera chisoni. Dzigwireni, werengani chamumtima mpaka khumi. Nthawi zambiri liwu limabwera iwe utatsala pang'ono kutaya mtima. M'mawa, atasamba ndi kudya phala, zinkayenda. Madzulo atatopa tinkangovutana, choncho tinasiya kuyesa madzulo.

Koma funso lomwe linandikakamira linali lina. N'chifukwa chiyani kasipika kanalephera pomwe gogo wosasa mawu anatha? Nyimbo zina za m'memole muja zinali zomwezo za m'buku, zongokonzedwa mwatsopano. Yankho lomwe ndinafikapo ndi lakuti nyimbo zija zinali zodzaza. Besi inalimo kale, yosaphonya. Paliponse pomwe woyimba wapuma, kiyibodi inali itatsekapo. Zinali ngati minibasi yatsopano yonyezimira yomwe yafika pasiteji itadzaza kale: umaisirira, koma imakupitirira. Nyimbo ya amayi a Mvano inali yoperewera, ndipo chomwe chinkaperewera anali bambo anga.

Kuyambira pamenepo makutu anga anasintha. Pamaliro, pachinkhoswe, kumunda, m'bwalo la gule, nyimbo ya kwathu kuno sikhala ya munthu mmodzi. Pamakhala woyambitsa ndi othirira mang'ombe. Woyambitsa samaliza chiganizo, amangoponya theka, theka linalo lili m'kamwa mwanu. Ngakhale nthano, munthu akati "padangotero", sapitirira mpaka ana atati "tili tonse". Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chomwe nyimbo ya pasiwa pakati pa usiku, yoyimbidwa ndi anthu otopa, ena akuphonya, ena akutsokomola ndi utsi, imagwetsera misozi munthu amene malemuyo sanamudziwe n'komwe? Ine ndikuti n'chifukwa choti sungaimvere uli panja. Usanazindikire, pakamwa pako payamba kale kuvomera, ndipo ukavomera maliro aja asanduka akonso.

Nyimbo imodzi sachezera gule, choncho tinayamba kufunafuna zina zomwe bambo anakula nazo. Apa tinavutika, poti mwini wake sakanatha kutiuza. Anatipulumutsa ndi bambo aang'ono a ku Bangwe. Iwo anakumbukira kuti ali anyamata, akaweruka, ankaima m'misewu ya m'tauni kuonerera ana a kwa Kachamba, Daniel ndi Donald, ochokera kwa Singano ku Chileka, akuyimba kwela ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi. Anyamata amenewa ndi omwe Gerhard Kubik, katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, anawapeza mu Blantyre mu 1967 n'kuwajambula, mpaka luso lawo linakamveka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma zina mwa zomwe anajambula zimapezeka pa YouTube.

Nditawaikira pafoni, bambo sanayimbe. Chinayamba ndi phazi lamanzere kugunda simenti. Kenako chala chinayamba kukoka chingwe m'malere, kutsatira besi ija, ndipo akaona kuti ine ndikuwomba m'manja mophonya ankandiyang'ana ndi diso lomwe lija lomwe ankayang'ana nalo mpanda wa aneba. Apa m'pomwe ndinadziwa kuti vuto silinali foni kapena sipika. Nyimbo zojambulidwa zimathanso kusiya malo. M'nyimbo za kwela zija zoyimbira ndi zowerengeka, chilichonse umachimva pachokha, ndipo pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake pali poponda phazi lako.

N'chimodzimodzi ndi Allan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo uja, wa Chimvu River Jazz Band, amene anatisiya mu 1995. Mwana wanga wamkazi atamumva koyamba anakwinya nkhope. "Amama, banjoyi sinachunidwe bwino." Mwina n'zoona ukaiyeza ndi kiyibodi. Koma umamva zala zikukhudza waya, umamva munthu akukoka mpweya asanakwere, ndipo pamwamba penipeni mawu amachita ngati asweka koma osasweka. Pamenepo m'pamene khungu limachita tsembwe. Ine woyimba amene ndikumumva akupuma ndimamukhulupirira. Masiku ano m'masitudiyo ambiri mawu amawasalaza ndi kompyuta mpaka sungadziwe ngati mwini wake anali wokondwa, wanjala kapena woferedwa tsiku lomwe ankajambula.

Sindikunyoza achinyamata ayi. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu komwe kwawo kwa bambo, n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale. Chomwe anachita bwino mnyamatayo n'choti mawu a nkhalamba anawasiya momwe alili, iye n'kumayenda pambali pawo. Mwana wanga nyimbozo anazidziwira pa TikTok, agogo ake anazidziwira pa MBC zaka zambiri iye asanabadwe. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinawapeza awiriwo pakhonde, mdzukulu akuyambitsa, agogo akuvomera. Mwana yemweyu m'mbuyomo ankazemba kukhala ndi agogo ake chifukwa sankadziwa choti anene nawo.

Koma nyimbo yomwe inagwira ntchito yaikulu kuposa zonse pakhomo pathu sinali ya m'buku kapena ya pafoni. Masiku ano chimanga timapita nacho kuchigayo, ndipo mtondo womwe unatsala kwa amayi ndi waung'ono wosinjira mtedza. Tsiku lina akusinja nsinjiro, ndinangomva ayambitsa nyimbo ya pamtondo ya kumudzi kwawo, yomwe ndinali ndisanaimvepo. Inali yodandaula mwamuna waulesi amene amangokhala pakhonde kudikira nsima, mkazi wake msana ukuthyoka. Ankayimba munsi ukugunda, diso lili chammbali kwa bambo. Ine ndinachita mantha. Bambo anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, koyamba chidwalireni, ndipo amayi atafikanso povomerera, iwo anavomera, kuvomereza ulesi wawo womwe.

Amayi akale pamtondo m'pamene ankanenera zomwe sakanatha kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi. Wonenedwayo ankamva ali chapatali, koma sakanakwiya, chifukwa ndi nyimbo. M'nyimbo ya amayi anga munali nthabwala, koma munalinso zoona. Anali atatopa. Kutembenuza munthu wamkulu usiku, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, kusiya geni yawo, zonsezi sakananena kwa munthu wodwala, ndipo bambo sakanatha kunena kuti akuziona. Nyimbo ija inanyamula zonse ziwiri popanda wina kuchita manyazi. Inu odwazika, kutopa kwanu nakonso kumafuna potulukira, ndipo si nyimbo zachitonthozo zokha zomwe zimatonthoza.

Za misozi ndinenepo pang'ono. Anthu ena akadwala sitiroko amalira msanga, ngakhale pa zinthu zazing'ono, ndipo ndi mbali ya matendawo. Choncho bambo akayamba kulira pakati pa nyimbo sitinkadula nthawi yomweyo. Tinkafunsa kuti "tisiye?" n'kuyang'ana mutu ndi dzanja, osati kumvera "eya". Kawirikawiri ankafuna tipitirize. Koma ilipo nyimbo imodzi, yomwe inayimbidwa poika maliro a mayi awo, yomwe anaikana ndi dzanja mwamphamvu, ndipo sitinaiyimbenso.

Atayamba kuyenda ndi ndodo tinawatengera ku HHI kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe kale ankakonda kutionetsa tili ana. Amene mumangochidutsa pa minibasi, tsiku lina mudzatsike. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anachilinganiza, m'busa David Clement Scott, sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo anthu akuno omwe anamanga naye anali asanamangepo chinthu chotero. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo owerenga amati zilipo za maonekedwe osiyanasiyana okwana 81. Akafuna kupanga kaso pakhoma, ankayamba ayala njerwa zouma popanda matope, kuona ngati zikukhala, kenako n'kumanga. Mbiri imatchula kwambiri dzina la Scott, koma dothi linapondedwa ndi mapazi a anthu akuno, ndipo zikombole zinadzazidwa ndi manja awo.

Alendo akafika pamenepo amayang'ana kumwamba n'kujambula. Bambo analunjika kukhoma. Anaika dzanja lamanzere panjerwa n'kuyamba kutsatira mzere, pang'onopang'ono, ndodo ili m'khwapa, ine nditawagwira lamba. Pena ankaima, kubwerera, kupapasanso. Anapeza pomwe njerwa ina inatulukira pang'ono kuposa zinzake, ndipo pamwamba pake mmisiri anabweza mzere mochenjera kuti cholakwikacho chisapitirire. Anandigwira dzanja n'kuliika pomwepo kuti nanenso ndimve. Ine ndikanadutsapo kambirimbiri osaona kanthu. Iwo anapeza mnzawo wa ntchito, munthu amene anaima pamalo omwewo zaka zoposa 130 zapitazo, anaona vuto, anaganiza, n'kulikonza. Khoma la pulasitala losalala bwino silikanawauza zimenezo. Kuchokera tsiku limenelo, ndikaima pa chosema kapena chojambula, ndimayamba ndafuna pomwe dzanja la mwini wake linakayika kaye lisanapitirire, ndipo ndikapapeza m'pomwe chinthucho chimandigwira.

Musamve ngati ndikuti nyimbo ndi mankhwala a sitiroko. Mankhwala a BP bambo amamwa tsiku lililonse pa nthawi yake, mafizo sitinasiye, ndipo kuchipatala timapita pa tsiku lomwe atiuza. Odwalanso amasiyana. Alipo ena omwe mbali yomwe inawonongeka ndi yomvetsa mawu, ndipo kwa iwo njira yoyimbayi sithandiza mofanana. Funsani a mafizo kapena adokotala kuti wodwala wanu ali mbali iti. Ngakhale kwa bambo, sikuti mawu onse anabwerera. Lero amatha kupempha madzi ndi tiyi osayimba, amatchula mayina a adzukulu ena, ndipo langa limabwera likafuna. Tsiku lomwe tinasangalala kwambiri ndi lomwe anakwanitsa kunena "ayi". Chiyambire pamenepo liwu limeneli saliumira, makamaka pa nkhani ya phala la soya.

Ngati makolo anu akadayankhula, afunseni lero nyimbo zomwe ankayimba ali ana, za kusukulu, za kudambwe kapena kutsimba zomwe angathe kunena, za paukwati wawo, ndiponso amene anawaphunzitsa. Ajambuleni pafoni akuyimba okha, ngakhale akane kuti mawu anatha. Ife tinachita mwayi kuti bambo aang'ono analipo.

Ndipo inu a makwaya amene mumayendera odwala, a kwaya ya achinyamata ya kwathu anabwera ulendo wina ndi kiyibodi ndi sipika yaikulu pa kabaza. Ndinawalandira bwino, n'kuwapempha kuti zidazo azisiye pabalaza. Wotsogolera wawo anadandaula kuti popanda kiyibodi sadziwa poyambira, koma anayesa, ndipo tsopano amabwera chimanjamanja. Mukamapita kwa wodwala wotere, pitani m'mawa asanatope. Khalani pansi moyang'anana naye, osati kuima mzere kutsogolo kwake. Funsani akunyumba nyimbo zake zakale, muyimbe modekha, ndipo pamalo pomwe iye ankalowa, anyamata a besi adikire kaye. Woyambitsa akhale amene amadziwa mavesi onse, chifukwa kwathu mukadumpha vesi lachitatu, bambo amagogoda mpando ndi ndodo mpaka mubwerere.